Dengu la Akufa ndi Manja a Anansi

M'nyumba zina zosungiramo zinthu zakale ku America muli madengu akulu, otalika monga msinkhu wa munthu, okhala ndi cibvundikiro ndi zogwirira m'mbali. Ambiri analukidwa ndi nthambi za misondodzi. Madenguwo sanali a cimanga, koma a mitembo. Anagwira nchito kwambiri cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Munthu akamwalira, eni nchito yoika maliro anadza ndi dengu, natengeramo mtembo kunka nao ku nyumba yao yokonzera. Dengulo silinalowe m'manda. Linabwera lopanda kanthu, ndi kulindira wina.

Madenguwo asanafale, anthu a m'midzi, monga a ku mapiri a Appalachia, anasamala okha akufa ao. Belu la kacisi linalira kubukitsa imfa, ndipo kwina analiomba monga mwa ciwerengo ca zaka za womwalirayo. Akazi anasambitsa mkazi mnzao, amuna mwamuna mnzao. Anagoneka mtembo pa thabwa, namanga cibwano ndi nsaru, naika ndalama zacitsulo pa zikope kuti maso atseke. Ena anaimitsa koloko ndi kuphimba kalirole. Mmisiri wa matabwa anakhoma bokosi usiku womwewo, anansi anakumba manda, ndipo ena anacezera pa mtembo kufikira mbanda kuca. Kawirikawiri panalibe wofunsa malipiro, pakuti yense anadziwa kuti tsiku lace likudza.

Cinasintha mwambowu makamaka ndi nkhondo ya pacibale ya 1861 kufikira 1865. Asilikari ambiri anafera kutali, ndipo abale ao anafuna mitembo ibwere kwao. Potero luso lokonza mtembo ndi mankhwala kuti usabvunde linakula. M'caka ca 1865 mtembo wa Abraham Lincoln unakonzedwa cotero, nuyenda pa sitima kucokera ku Washington kufikira ku Springfield, ndipo makamu a anthu anauona panjira. Pang'ono ndi pang'ono nchito ya anansi inasanduka malonda.

Tsono funso ndi ili: kodi munthu acimwira mbale wace akapereka mtembo wace m'manja mwa olipidwa?

Sikuyenera kuyankha msanga. Wofera m'mzinda waukulu, kutali ndi abale, afuna womnyamula. Pa nthenda zopatsirana, manja odziwa nchito apulumutsa amoyo. Ndipo wolandira mphotho akhoza kugwira mtembo ndi ulemu woposa wa mbale wosasamala. Malipiro pa okha sadetsa nchito yabwino.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zinatayika. Coyamba ndi kulingana. Thabwa lija linali limodzi kwa wolemera ndi wosauka, dengunso cimodzimodzi. Koma pamene mabokosi anayamba kugulitsidwa mosiyana mitengo, anamfedwa anayamba kuyesa cikondi cao ndi ndalama. Wamasiye anacita manyazi kusankha bokosi la mtengo wocepa, nalowa m'ngongole. M'caka ca 1963 Jessica Mitford analemba buku lodzudzula malonda otere, lochedwa The American Way of Death, ndipo mu 1984 boma la America linakhazikitsa lamulo lakuti oika maliro azionetsa mtengo wa cinthu ciri conse poyera. Lamulo liletsa cinyengo, koma silicotsa manyazi mumtima wa mlendo wa imfa.

Caciwiri ndi ngongole ya cifundo. Iye amene anakumba manda a mnansi wace sanathe kukhala naye cidani mwana wamasiyeyo mosabvuta. Iye amene anasambitsa mtembo anaphunzira ndi manja ace kuti munthu ali pfumbi, nacepetsa kudzikuza. Pamene nchitozo zinacoka pamudzi, maphunziro acenso anacoka.

Acewa adziwa bwino cinthu cimeneci, pakuti adzukulu ndiwo asamala mtembo ndi kukumba manda, ndipo akulu amati maliro nkulirana. M'Malembo, Yosefe wa ku Arimateya anali munthu wacuma, wokhoza kutuma anyamata. Koma anapita yekha kwa Pilato kukapempha mtembo wa Yesu, naukulunga m'bafuta, nauika m'manda ace omwe.

Cifukwa cace yankho liri lotere. Kunyamula, kukonza ndi kukhoma bokosi, zonsezi munthu akhoza kulipira wina, wosacimwa. Koma kukhala pambali pa wamasiye usiku wonse, kumtungira madzi, ndi kubweranso kudzamuona akabalalika anthu, izi sizigulika. Banja limene ligulitsa ng'ombe yolimira kuti bokosi liwale, ana natsala ndi njala, lalemekeza maso a anthu, si wakufayo ai. Ndipo mudzi umene uleka kucezera pa maliro cifukwa alipo olipidwa, wasauka ngakhale uli ndi ndalama.