Nenani Mtengo Weniweni wa Munda

Ana anga, nkhani ya Hananiya ndi mkazi wake Safira ndimafuna muziiwerenga mofatsa, chifukwa ambiri amaimva mopotoka. Amati banja lija linafa chifukwa choumira, ndipo alaliki ena amaikonda pa Sabata la zopereka kuti anthu apise m'thumba ndi mantha. Tsegulani Machitidwe a Atumwi chaputala 5 mudzionere nokha. Petro anamuuza Hananiya mosapsatira kuti mundawo unali wake asanaugulitse, ndipo ataugulitsa ndalamazo zinali zake ndithu. Palibe anamukakamiza. Akanabwera ndi theka n'kunena kuti ili ndi theka chabe, linalo tasunga la pakhomo, akanabwerera kwawo akuyenda ndi miyendo yake.

Chinawapha ndi kusirira dzina. Chaputala 4 chimatha ndi Yosefe wa ku Kupro, amene atumwi anamutcha Barnaba, atagulitsa munda n'kupereka ndalama zake kwa atumwi. Hananiya anafuna ulemu wa Barnaba, koma anaufuna motchipa. Anagwirizana ndi mkazi wake kuseri, n'kubwera pamaso pa mpingo ndi nkhope ya munthu wopereka zonse. Patapita maola ngati atatu Safira analowa asakudziwa zimene zachitika, ndipo Petro anamufunsa ngati ndalamazo zinalidi mtengo wonse wa munda. Khomo lopulumukira linali lotseguka. Iye anaumirira bodza lomwelo. Ndipo onani bwino, amene ananyamula mitembo iwiriyo kukaika anali anyamata a mumpingo, anzanu a msinkhu wanu. Phunziro lija analimva pamapewa.

Hananiya analankhula ndi anthu, koma Petro anati bodzalo wanamiza nalo Mulungu. Apa mpamene pagona nkhani. Ambiri mumaganiza kuti pali mabuku awiri, lina la zimene timauza anthu, lina la zimene timauza Mulungu usiku titagwada. Buku ndi limodzi. Mukauza mayi anu kuti fizi yakwera pomwe sinakwere, mukauza mnzanu pafoni kuti muli panjira pomwe madzi osamba akadali pamoto, mukanamizira netiweki pomwe munaona dzina la amene munamukongola ndalama n'kuisiya foni ikulira, zonsezo zimalembedwa tsamba lomwelo limene pali nyimbo zanu za kwaya.

Koma bodza limene limandidetsa nkhawa kwambiri si la chenji cha kumsika. Ndi bodza lofuna kuoneka woyera. Mnyamata amaimirira kuchitira umboni, nkhani yaing'ono ya malungo amene anachira atamwa mankhwala a kuchipatala n'kuikulitsa mpaka kufika poti madokotala anali atataya mtima, chifukwa umboni wamba sauombera m'manja. Mtsikana amaona anzake akugwa ndi kulira pa mapemphero a usiku, nayenso n'kudzigwetsa kuti asaoneke wouma. Pa WhatsApp vesi m'mawa uliwonse, koma uthenga wa pakati pa usiku ndi woti sangauonetse mlongo wake. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuopsa kwa bodza lotere n'koti limayamba kunamiza anthu, kenako limanamiza mwini wake, mpaka sakudziwanso kuti pemphero lake lenileni ndi liti ndipo la chionetsero ndi liti. Yesu anadya ndi okhometsa msonkho, anacheza ndi mkazi wa ku Samariya amene anakwatiwapo kasanu, koma mawu ake owawa kwambiri, m'Mateyu 23, anawasungira anthu opemphera odzionetsera.

Musaganize kuti izi zimathera m'tchalitchi. M'chaka cha 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anali atabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu 2021. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumalowa m'chipinda cha mayeso mutapemphera, likasa lili m'sokosi. Mumapempha Mulungu kuti atani, aphimbe maso a woyang'anira? Satifiketi imeneyo mawa idzakuikani pambali pa bedi la wodwala kapena kutsogolo kwa ana a anthu, mutu mulibe kanthu. Mu 2013 dziko lino linadzidzimuka ndi Cashgate, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto pomwe zipatala zikusowa mankhwala. Izi zinachitika m'dziko limene anthu oposa atatu mwa anayi alionse amati ndi Akhristu. Dzanja limene limasainira katundu amene sanabwere silinayambire ku Capital Hill. Linayambira pa timabodza timene eni ake ankati n'tating'ono.

Ndisakubisireni, mipingo nayo ili ndi mbali yake pa matendawa. Mtsikana akatenga pathupi, mimba siibisika, amaitanidwa ndi akulu a mpingo n'kudulidwa. Mnyamata amene anamupatsa pathupiyo akangokanitsitsa, Sabata lotsatira ali kutsogolo ndi maikolofoni. Achinyamata mumaona zimenezi, n'kuphunzira kuti wolangidwa ndi wogwidwa, wochenjera amapulumuka. Chilango chotere n'chokhota, ndipo akulu ayenera kuchiwongola. Koma iwe mnyamata, usatengerepo mwayi. Davide anayesa kukwirira tchimo lake ndi Bateseba. Anaitanitsa Uriya, mwamuna wa Bateseba, kuchokera kunkhondo, anamuledzeretsa kuti akagone kunyumba kwake, zitakanika anamupatsa kalata ya imfa yake yomwe kuti akapereke kwa Yowabu, mkulu wa asilikali. Tchimo limodzi linabala mtembo wa munthu wosalakwa, ndi asilikali ena amene anafera limodzi naye. Mlandu suola. Chimene chinamusiyanitsa Davide ndi Sauli n'chakuti Natani atamuloza chala, anavomera m'mawu ochepa, osakoka wina aliyense. Sauli, Samueli atamufunsa za nkhosa ndi ng'ombe za Aamaleki, anayamba kuloza anthu ake, kenako n'kupempha kuti amuchitirebe ulemu pamaso pa akuluakulu. Ngakhale polapa, mtima wake unali pa maso a anthu.

Popemphera, nenani zimene zilidi mumtima. Ngati mwakwiya kuti munamaliza sukulu kalekale koma ntchito kulibe, muuzeni Mulungu kuti mwakwiya. Ngati mukukayika, nenani kuti mukukayika. Masalimo ambiri ndi madandaulo a anthu ofunsa Mulungu chifukwa chimene wakhalira chete, ndipo sanachotsedwe m'Baibulo. Yobu anadandaula mpaka anzake anachita naye mantha, koma kumapeto kwa bukulo amene anadzudzulidwa kuti sananene zoona za Mulungu ndi anzake aja, olankhula mokometsera. Bambo wa mwana wodwala uja m'Marko 9 anavomera pamaso pa khamu kuti chikhulupiriro chake n'choperewera, ndipo mwana wake anachira.

Pa chibwenzi mpamene ambiri mumagwa. Mumabwereka nsapato, mumabwereka galimoto, mumabwereka ndi khalidwe lomwe. Ngati muli ndi mwana kumudzi, nenani ankhoswe asanakumane. Ngati muli ndi ngongole ya katapila, nenani. Pitani limodzi kukayezetsa magazi, ndipo zotsatira muuzane maso ndi maso. Munthu akakukanani chifukwa cha zoona, wakupwetekani mwezi umodzi kapena chaka. Akakulolani chifukwa cha bodza, mudzakhala mlonda wa bodzalo m'nyumba mwanu momwe, mukudzidzimuka mlendo aliyense wochokera kwanu akagogoda.

Pano ndichenjezeko ena amene amati kulalata ndiko kunena chilungamo. Kuuza mnzako pagulu kuti mawu ake amaononga kwaya si kuona mtima, ndi mwano. Kutenga chinsinsi chimene wina anakuuza akulira n'kukachiika pagulu la WhatsApp ngati mutu wa pemphero ndi miseche yovala jekete. Zoona zimene muyenera kufulumira kuulula ndi zanu. Za mnzanu mumayamba kukamuuza yekha pambali, monga mwa dongosolo la m'Mateyu 18.

Nanga amene mwanama kale? Kulira m'pemphero n'kwabwino, koma si kokwanira: onani Zakeyu. Analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga. Ngati munadya ndalama za gulu la achinyamata, pitani kwa wapampando musanaitanidwe, tchulani chiwerengero chake chenicheni, musachotsepo ngakhale K500, ndipo mugwirizane za kabwezedwe pang'onopang'ono. Ngati munanamizira munthu, kam'yeretseni pamaso pa anthu omwewo amene munam'detsera. Ngati nkhaniyo ndi yolemera moti miyendo ikukana, sankhani munthu mmodzi wamkulu wosunga pakamwa, m'busa, mkulu wa mpingo kapena mayi wa chigwirizano, akuperekezeni. Ndipo inu amene mwasankhidwa kukhala asungichuma, musamawerenge zopereka muli nokha. Werengani awiri kapena atatu, lembani m'buku nthawi yomweyo, onse asaine, ndipo Sabata lotsatira chiwerengerocho chilengezedwe anthu onse akumva.