Mzimu Woyera Amagwiranso Tsache

Kuwerenga kwa sabata ino: Machitidwe 6:1-7



Tsiku lina malaiti atapita, ndinapeza mwana wanga akusewera RollerCoaster Tycoon pa foni yanga. Gemuyi anaipanga Chris Sawyer wa ku Scotland, ndipo inatuluka mu 1999. Amakupatsa malo ndi ndalama pang'ono kuti umange paki ya zosangalatsa: akatungwe, tinjanji tokwera m'mwamba n'kutsika mwaliwiro, timashopu ta zakudya.

Mnyamatayu anathera ndalama zonse pa njanji imodzi yaitali zedi. Koma anthu anali kungotuluka pa geti. "Adadi, manje akuthawa chani?"

Mu gemuyi ukadina pa munthu umaona zimene akuganiza. Tinadina. Wina akufuna chimbudzi. Wina wasochera. Wina akudandaula kuti njira yadzaza zinyalala ndi masanzi. Mwana wanga sanalembe ntchito wosesa ngakhale mmodzi.

Abale, pomwepo Mzimu anandigwira mtima.

Ife a mu komboni tikuidziwa nkhaniyi. Mvula ikagwa ku Kanyama kapena ku George, ngalande yotsekeka imabweretsa madzi mpaka pansi pa bedi. Mu January 2024, Heroes Stadium, bwalo lalikulu lija, linasanduka chipatala cha odwala kolera. Tinalira maliro chifukwa cha zinthu zimene timati n'zazing'ono: madzi, chimbudzi, zinyalala.

Mpingo woyamba ku Yerusalemu unali ndi moto, zozizwitsa zinali kuchitika, anthu anali kuchuluka. Koma amasiye olankhula Chigiriki anali kuiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawauze kuti angopemphera basi. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri, odzazidwa ndi Mzimu ndi nzeru, kuti asamalire za chakudyacho. Stefano anali mmodzi mwa iwo. Zitatero, mawu a Mulungu anafalikira. Aleluya!

Nanga ife? Maiki timailimbirana, koma tsache limagona pakona. Timafuula usiku wonse pa ovanaiti, pamene amayi amasiye okhala pa benchi yakumbuyo sanadye dzulo, ndipo palibe wawafunsa. Mlendo amabwera Sande imodzi, palibe womupatsa moni, sabweranso. Kenako timati ndi Satana. Iyayi, m'bale wanga, nthawi zina ndi ife.

Mulungu safunika kudina pa munthu. Amadziwa kale za mumtima mwake. Ife tiyenera kufunsa.

Sabata ino chitani ziwiri. Funsani munthu mmodzi mmene alili, n'kudikira yankho mpaka amalize. Ndipo pa Chiweru nyamulani fosholo, mutsegule ngalande ya pakhomo panu ndi ya aneba anu okalamba, mvula isanatipeze.

Pemphero: Atate, ndidzazeni ndi Mzimu wanu mpaka m'manja. Tsegulani maso anga ndione amene ndakhala ndikumupitirira. M'dzina la Yesu, Amen!