Kodi Chiŵalo Chotsukidwa Chidakali cha Nkhumba?

MU 2008, Doris Taylor ndi anzake a pa University of Minnesota ku United States analengeza kuti anapopera mankhwala onga sopo m'mitsempha ya mtima wa khoswe wakufa kufikira maselo ake atachoka. Chimene chinatsala chinali chimango chotuŵa, kwakukulukulu cha collagen. Ataikamo maselo a tiana ta makoswe, mtimawo unayamba kupopa pofika tsiku la 8, ngakhale kuti mofooka kwambiri. Ziŵalo za nkhumba zimatsukidwanso mofananamo, ndi chiyembekezo chakuti maselo a wodwala adzamera m'chimangocho.

Kodi zimenezi zimakhudza motani banja la ku Tsvingwe, pafupi ndi migodi ya golidi ya Penhalonga, kumpoto kwa Mutare? Kum'mwera kwa Afirika kuno, zilonda zapakhosi zosachiritsidwa zimatsogolera ku nthenda yowononga mavavu a mtima wa ana. Vavu yachitsulo imafuna mankhwala oletsa kuundana kwa mwazi kwa moyo wonse, limodzi ndi kupimidwa kaŵirikaŵiri, mtolo wolemera kwa osauka. Chotero vavu yochokera ku nyama ingaoneke kukhala yabwinopo.

Komabe, pakati pa mbadwa za Amalaŵi amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ya Zimbabwe muli Ayao achisilamu, ndipo a Adventist nawonso samadya nkhumba. Kholo lina lingalingalire kuti kuika chiŵalo m'thupi sindiko kudya, ndi kuti chimango chopanda maselo sichilinso nyama. Lina lingaumirire kuti mphika wotsukidwa udakali mphika umodzimodziwo. Onse aŵiriwo amakonda mwana wawo, ndipo dokotala sangasankhire aliyense wa iwo. Koma iye ali ndi thayo la kutchula nyamayo poyera. Kubisa dzina lake ndi liwu lakuti "chotsukidwa" ndiko kulanda kholo chosankha cha chikumbumtima chake, ngakhale ngati cholinga chili kuchepetsa mantha.

Ndiponso, liwulo lingalonjeze zoposa zimene zachitidwa. Mu 2001, ana 4 ku Vienna, Austria, anaikidwa mavavu a nkhumba onenedwa kukhala ochotsedwa maselo. Matupi awo analimbana nawo mwamphamvu, ndipo ana 3 anamwalira. Vavu ya wachinayi inachotsedwa mwamsanga. Atapenda vavu ya mtundu womwewo imene inali isanaikidwe mwa munthu, madokotalawo anapeza kuti maselo a nkhumba anali asanachoke onse.