Kudandaula za msonkho wa nyumba: chilungamo kapena kuzemba?

Khonsolo ikawerengeranso mitengo ya nyumba mumzinda, makalata a msonkho amabwera ndi manambala onenepa. Apa mpamene funso limodzi limandisowetsa tulo: munthu wopita kukatsutsa mtengo womwe aika pa nyumba yake, akufuna chilungamo kapena akungozemba udindo?

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo monga a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba kutolera msonkho potengera mtengo wa malo ndi nyumba. Kaundula wa mitengoyo amayenera kukonzedwanso zaka 5 zilizonse, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wotsutsa zomwe alembamo. Ufulu umenewu tisaupepuse. Msonkho wa nyumba womwe atsamunda anabweretsa m'zaka za m'ma 1890 unkangowerenga madenga, osafunsa kuti m'katimo muli chiyani. Lero timatha kunena kuti, “Mwalakwitsa, bwerani mudzaonenso.”

Ndipo zifukwa zodandaulira zilipodi. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Simenti inakwera, malata anakwera, nyumba nazonso zinakwera papepala. Koma mayi wamasiye wokhala m'nyumba yomwe anamanga ndi malemu amuna awo sanalemere ndi tambala imodzi yomwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mtengo wa nyumba yomwe suigulitsa sugula ufa.

Komabe tiunikenso mbali inayi. Zinyalala zomwe zaunjikana pamsika, ngalande zotsekeka, magetsi a mumsewu omwe anazima kalekale, zonsezi zimadikira ndalama yomweyi. Wina akachotseredwa msonkho mosayenera, bowo lomwe wasiyalo amalitseka ndi anzake, kawirikawiri amene sadziwa n'komwe kuti pali khomo lokadandaulira. Amene ali ndi loya ndi katswiri wake wowerengera mitengo amamveka msanga kusiyana ndi wa ku Ndirande wongogwira kalata m'manja ali kakasi.

Ena amati, “Tilipirenji pomwe msewu wathu uli maenje okhaokha?” Mkwiyowo ndimaumvetsa, koma ndi mlandu wina. Umenewo ngokafunsa khansala ndi kukumbukira tsiku lovota. Sukuchepetsa kukula kwa nyumba yanu.

Ine muyeso wanga ndi uwu: dzifunseni ngati zomwe mukanene kukhonsolo mungazinenenso kwa munthu wofuna kugula nyumbayo. Ngati alemba zipinda zisanu pomwe zilipo zitatu, kapena ayerekeza nyumba yanu ndi za ku Namiwawa pomwe kwanu madzi amasefukira dzinja lililonse, pitani, musachedwe, tengani mapepala ndi zithunzi. Kukonzetsa kaundula wolakwika ndi kuthandiza mzinda wonse. Koma ngati kukhonsolo nyumba ili “kachisakasa chabe” pomwe kwa wogula ili “nyumba ya bwana”, ndiye kuti mukupempha aneba anu akulipirireni mosadziwa.

Ndipo mukapambana, musabwerere chete. Auzeni agogo a kuseri kwa mpanda kuti khomolo lilipo, muwathandize kulemba kalata yawo.