Kodi Nkhokwe ya Munthu Ikule Motani?

Mwana wa mlongo wanga, pokonzekera maphunziro a ukachenjede, anadza kwa ine madzulo ena ndi pepala la mitengo ya malaputopu, nati, "Amalume, kodi ndigule ya 256 GB, kapena ya 512 GB, kapena ndidzimane zovala kuti ndifikire ya 1 TB?" Ndipo m'mene ndinasinkhasinkha mawu akewo, ndinazindikira kuti ili ndi funso lomwe lija makolo athu ankadzifunsa podula nsungwi zolukira nkhokwe, lakuti munthu zimamukwanira ndi zingati.

SSD ndiyo nkhokwe ya kompyuta, ndipo imasiyana ndi hard disk yakale pakuti mulibe mbale yozungulira m'kati mwake, koma timaselo tosaoneka ndi maso tosunga mphamvu ya magetsi, luso limene Fujio Masuoka anatulukira ku Toshiba, m'dziko la Japan, m'zaka za m'ma 1980. Ya mtundu wa SATA imatumiza mamegabaiti pafupifupi 550 pa sekondi, pamene ya NVMe imafika 3,500, ina 7,000 ndi kupitirira apo. Komatu wolemba makalata ndi wowerenga mabuku sadzaona kusiyana kwenikweni, pamene wokonza mavidiyo adzakuona tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1956, diski yoyamba ya IBM inkalemera kuposa tani imodzi, nisunga mamegabaiti osapitirira 5. Lero kachipangizo kotalika mamilimita 80 kamasunga mabuku amene munthu sangawamalize m'moyo wake wonse, koma mtima ukadali kunena kuti zachepa.

Malembo Oyera amatiika pakati pa amuna awiri omanga nkhokwe. Yosefe anakundika tirigu zaka 7 m'dziko la Aigupto, ndipo timamutcha wanzeru. Mwini chuma wa m'fanizo la pa Luka 12 anapasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, ndipo anatchedwa wopusa. Chinawasiyanitsa si kukula kwa nkhokwezo ayi, pakuti za Yosefe ndizo zinali zazikulu koposa. Koma Yosefe anadziwa njala imene ankaikonzekera ndi anthu amene ankawasungira, pamene winayo anasungira iye mwini, osawerengera kuti moyo wake ukhoza kufunidwa usiku womwewo. Tsono kusunga si tchimo. Chowononga munthu ndicho kusunga kopanda cholinga, kuja kumadzaza kompyuta ndi mafilimu osaonedwa ndi mabuku osatsegulidwa, kufikira mwini wake atafanana ndi pusi uja anati ichi chakoma, ichi chakoma, nagwa chagada.

Ngakhale chipangizocho chimachitira umboni zomwezi. SSD ikadzaza mpaka pakamwa imayamba ulesi, pakuti isanalembe zatsopano imayenera kusamutsa zakale ndi kufufuta chigawo chathunthu, ntchito yofuna malo opanda kanthu. Ndiponso ya QLC, imene imapanikiza mabiti 4 m'selo limodzi kuti itsike mtengo, imatha msanga kuposa ya TLC yosunga 3. Chomwechonso moyo wa munthu wosasiya mpata wa pemphero, wa mlendo ndi wa kupuma, umalemedwa ndi zake zomwe.

Kotero ndinati kwa iye, "Mphwanga, werenga ntchito yako, usawerenge mantha ako. Ya NVMe ya 512 GB ikukwanira, ukasiya gawo lina lopanda kanthu. Funsanso ngati SSD yakeyo ndi yochotseka kapena anaiwotcherera pabolodi, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo popeza chipangizochi chikhoza kufa tsiku limodzi osadwala, zolemba zako zofunika uzisunge kwinanso, ndi kugawirako anzako a m'kalasi. Pakuti tsiku limene nkhokwe yako idzagwa, udzadya chimanga chimene unapatsa mnansi."