Kodi Kuchepetsa Chigumu N'kuba?

Aliyense wodutsa m'misewu ya ku Kanjedza m'mamawa, popita kukakwera minibasi ya ku Limbe kapena ya m'tauni, amawadziwa amayi okhala m'mbali mwa njira ndi beseni lovindikira ndi nsalu yoyera. M'besenimo mumakhala mandasi, zitumbuwa ndi chigumu, chimene ena amachitcha chikondamoyo, enanso chimimina. Zaka zapitazi dandaulo la ogula lakhala limodzi: chigumu chikuchepa. Chidutswa chimene kale chinkakhutitsa mlonda woweruka ku ntchito ya usiku, lero chikumatha tiyi asanafike pakati pa kapu. Ena amafika ponena kuti amayiwa akutibera. Kumutcha munthu wakuba si nkhani yamasewera, choncho mlanduwu uyenera kuzengedwa mofatsa. Kodi kuchepetsa chidutswa, mtengo n'kukhala womwewo, n'kuba?

Tisanagamule, tiyambe taona m'mene chigumu chimapangidwira, popeza wosadziwa ntchito ya mnzake saweruza molungama. Mayi amadzuka tambala woyamba asanalire. Amasefa ufa wa mgaiwa, n'kunyenya nthochi zakupsa kwambiri, zija zayamba kuda makoko. Amathira shuga, kamchere, kasoda, mafuta pang'ono ndi madzi, kapena mkaka ngati ulipo, n'kutakasa mpaka zitalowerana. Kenako amapaka mafuta m'sefuliya, kuthiramo zosakanizazo, n'kuteleka pa mbaula ya makala ochepa. Pamwamba amavindikira ndi lata ndipo palatapo amaikapo makala ena amoto, kuti chipse pansi ndi pamwamba pomwe. Moto ukachuluka, kunja kumapserera m'kati muli mwamuwisi. Ukachepa, chigumu chimauma ngati njerwa. Ufa wa chimanga sufufuma ngati wa tirigu, n'chifukwa chake soda amafunika. Koma akapyola muyeso chigumu chimasintha mtundu, chimawawa ndipo chimanunkha ngati sopo. Podziwa ngati chapsa, mayi amabaya mpeni pakati: ukatuluka wouma, amaphula.

Chilichonse cholowa m'sefuliyamo ndi chogula, ndipo palibe chimene mtengo wake waima malo amodzi. Mu May 2022 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu ambiri ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, n'kukokolola minda m'chigawo cha kumwera. Chaka chotsatira kudagwa ng'amba, moti mu March 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Nazo nthochi za ku Thyolo ndi Mulanje, zimene kale zinkachita kutayika m'misika ya Blantyre, zidasakazidwa ndi matenda a chisaka, kufikira amalonda adayamba kukazitenga ku Tanzania ndi Mozambique. Mayi wa ku Kanjedza sadaitanidwe pa msonkhano umene udagwetsa kwacha, ndipo mvula salamula ndiye. Koma mavuto onsewa amadzathera m'sefuliya mwake.

Zikatere, pamaso pake pamakhala njira zitatu. Yoyamba ndi kukweza mtengo. Yachiwiri ndi kusendeza mpeni, kuti sefuliya imene inkatulutsa zidutswa khumi itulutse khumi ndi ziwiri. Yachitatu ndi kusiya chidutswa chili chachikulu monga kale, koma n'kusintha za m'kati: kuchepetsa nthochi ndi shuga, kuchulutsa madzi ndi soda kuti chioneke chofufuma, kugwiritsa ntchito ufa wofumbwa, kapena kutenthetsa chadzana n'kuchiika pakati pa chalero. Njira zonsezi zimam'bwezera mayiyo ndalama yofanana. Koma kodi n'zofanana pa chilungamo? Ine ndikuti ayi, ndipo kusiyana kwake kuli pa chinthu chimodzi: chimene wogula angathe kuona asanatulutse ndalama.

Wokweza mtengo wanena zoona ndi pakamwa. Wochepetsa chidutswa wanenanso zoona, ngakhale sadayankhule, pakuti chidutswacho chili poyera m'beseni. Wogula amachiyang'ana, amachiyerekeza ndi ndalama yake, ndipo ali ndi ufulu wogula kapena kupitirira. Palibe chimene wam'landa. Koma wosintha za m'kati wam'landa wogula ufulu womwewu wosankha, chifukwa zoona zimadziwika chigumu chili kale m'kamwa, ndalama itapita. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Umbava pa malonda sugona pa kukula kapena kuchepa kwa chinthu, koma pa kumuonetsa munthu china n'kumupatsa china.

Funsoli silidayambire ku Kanjedza. Ku England, m'zaka za m'ma 1200, kudakhazikitsidwa lamulo loyendetsa malonda a buledi. Lamulolo lidasiya mtengo wa buledi uli womwewo, koma kulemera kwake kunkasintha motsatira mtengo wa tirigu. Tirigu akakwera, buledi ankachepa, akatsika, ankakula. Akuluakulu a m'mizinda ndiwo ankalengeza muyeso wake, ndipo wophika wopezeka ataperewera pa muyesowo ankalangidwa. Apa tikuona kuti anthu akalewo sadaone vuto pa kuchepetsa buledi. Chimene adadana nacho ndi kuchepetsa mobisa. M'masiku athu ano, mu 2016, opanga chokoleti cha Toblerone adachepetsa china chogulitsidwa ku Britain kuchoka pa magalamu 170 kufika pa 150, potalikitsa mipata ya pakati pa timano take, phukusi n'kukhala lotalika monga kale. Kulemera kwatsopanoko kudalembedwa paphukusipo, komabe ogula adakwiya, popeza diso linkaona chinthu chimodzi, dzanja n'kulandira china. Mu 2018 kampaniyo idabwezeretsa maonekedwe akale. Chigumu chodulidwa chochepa chilibe phukusi lobisalamo. Pamenepa mayi wa beseni ali ndi mlandu wochepa kuposa kampani yaikulu.

Wina anganene kuti: "Nanga bwanji osangokweza mtengo, nkhani ithe?" Wofunsa chotere sadaimepo pa geti ya sukulu nthawi ya buleki. Mwana amabwera ndi ndalama imene wapatsidwa kunyumba, ndipo palibe poonjezera. Chimodzimodzi mnyamata wa kabaza kapena wokankha wilibala. Mtengo ukakwera, anthu otere sagula n'komwe. Chidutswa chikachepa, amapezabe kopha njoka za m'mimba. Choncho nthawi zina kusendeza mpeni ndi chifundo, osati dyera. Mayi amene amawadziwa makasitomala ake ndi maina, amadziwanso kuya kwa matumba awo.

Winanso anganene kuti umphawi umakhululukira zonse, kuti mayi wosowa lendi ndi fizi ya ana sitingamudzudzule ngakhale atathira ufa wofumbwa. Mawuwa amamveka achifundo, koma mukawasinkhasinkha ndi achipongwe. Akutanthauza kuti chilungamo ndi katundu wa anthu olemera okha, ndipo wosauka sangachikwanitse. Komanso tisaiwale amene amadya chigumu cha m'mbali mwa msewu. Si mabwana a ku Namiwawa kapena Nyambadwe ayi. Ndi mlonda uja, ndi mwana wasukulu uja, ndi mnansi wa khomo lachitatu. Wosauka akanyenga pa chigumu, wanyenga wosauka mnzake. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo a amalonda, koma silingalawe sefuliya iliyonse ya ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri. M'khitchini, usiku uja, mayi amakhala yekha ndi chikumbumtima chake. Ndipo khalidwe lenileni la munthu limaoneka pa zimene amachita pamene palibe womuona.

Tisathe nkhani tikuloza chala wophika yekha, chifukwa wogula nayenso ali ndi mbali yake. Ambirife tikalowa m'sitolo yaikulu ku Chichiri timalipira mtengo wolembedwa pa buledi popanda kutsutsa. Koma tikafika pa beseni timasanduka akatswiri a kunenerera. Timafuna basera, timatenga pangongole n'kusintha njira mwezi ukatha, ndipo mtengo ukakwera pang'ono timati, "Mayi, mwayamba kudula, tikagula kwina." Kwinako ndiye kwa uja wathira madzi ndi soda. Pochita zimenezi timalanga woona mtima, n'kupereka mphotho kwa wachinyengo, kenako n'kumadabwa kuti chigumu chokoma chikusowa. Anthu amene safuna kumva mtengo weniweni wa chinthu amadziphunzitsira okha amalonda abodza. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako: lero akulira ndi mtengo wa ufa ndi iye, mawa udzalira ndi malipiro osakwana ndiwe, ndipo amene adzakukongoze chidutswa cha ana ndi mayi yemweyo.

Tsono mlandu uja tiugamule motere. Kuchepetsa chigumu si kuba, malinga chidulidwe poyera, ndipo wofunsa ayankhidwe zoona kuti, "Achimwene, ufa wakwera, ndachepetsa." Kuba ndi kubisa. Mayi amene chidutswa chake chachepa koma nthochi zikumvekabe, ufa ndi wabwino, ndipo chaphikidwa m'mawa womwewo, wasunga chinthu chimene kugwa kwa kwacha sikungachichepetse mphamvu, ndicho kukhulupirika kwa dzina lake. Woteroyo tiyenera kumugula pa mtengo wake osanyinyirika, ndipo ngongole yake tizibweza pa tsiku limene tidalonjeza.