Madzi saiwala khwawa: dambo nalo ndi amanah

 Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini mvula ndi nthaka. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Lero ndiyamba ndi kudziulula ndekha. Zaka zingapo zapitazo, ine ndi anzanga awiri kwathu kuno kwa Kabudula tinaumba njerwa m'mphepete mwa dambo. Dothi la pamenepo ndi labwino, madzinso ali pafupi. Itakwana nthawi yowotcha uvuni, nkhuni zinavuta, ndiye tinagula mitengo iwiri ya mango ndi mkuyu umodzi umene unali pomwepo, n'kugwetsa. Njerwa zinapsa bwino, lole inabwera n'kuzitengera ku tauni. Ndalama tinagawana, ine ndinagula foni.

Foni ija inafa kalekale. Koma maenje aja alipobe, ndipo pamene panali mkuyu paja panayamba chigwembe chimene chaka ndi chaka chikudya dimba la mayi ena amasiye. Mayiwo sananditukwanepo. Tikakumana amandipatsa moni bwinobwino. Moni umenewo ndi umene umandilemera.

Tsiku lina ndinadzifunsa kuti, kodi njerwa zija zinakamanga nyumba pati? Mwina pamtunda pabwino. Mwinanso m'mphepete mwa Lingadzi, pamalo amene kale panali bango. Ngati zili choncho ndiye kuti uvuni umodzi unawononga kawiri, kumudzi ndi ku tauni komwe.

Tiyeni tiuyang'ane mzinda wa Lilongwe, poti ambirife tikamaliza sukulu timathamangira komweko. Unakhala likulu la dziko mu 1975. Pa kalembera wa 1977 munali anthu osakwana 100,000. Pofika kalembera wa 2018 anali atatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni. Amene anajambula mapu a likululi anasiya dala malo a mitengo pakati pa ma Area, n'chifukwa chake mpaka lero pakati pa City Centre ndi Old Town pali nkhalango. Koma anthu atachuluka, mapuloti anatsikira m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Mchenga ukukumbidwa mu mtsinje momwemo. Ngalande zadzaza majumbo ndi mabotolo.

Dambo limagwira ntchito ngati thonje. Mvula ikagwa yambiri, udzu, bango ndi dothi lofewa zimagwira madzi aja, ena amalowa pansi, ena amatuluka pang'onopang'ono mpaka chilimwe. N'chifukwa chake agogo athu ankalima dimba mwezi wa September popanda pampu. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje imagwira gombe ndi mizu yake, masamba ake amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula. Mukachotsa zonsezi n'kuikapo malata, simenti ndi phula, madzi salowanso pansi. Onse amathamangira kumtsinje nthawi imodzi, ndipo mtsinje umene mwaupanikiza ndi mipanda umabwerera pomwe unkadutsa kale. Akuluakulu ananena kuti madzi saiwala khwawa.

Mu February 2017 Lingadzi unasefukira, madzi analowa m'nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, mpaka ndege ya asilikali inachita kubwera kudzapulumutsa anthu amene anazingidwa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Allah awachitire chifundo abale athu amene anapita, ndipo apereke kupirira kwa otsala. Nyengo yasintha, tonse tikuona: mvula imachedwa, ikabwera imagwa ya mwezi wathunthu m'masiku awiri, kenako ng'amba ndi kutentha.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Akhi, zimenezi ndi Qadar, palibe angaletse madzi." Zoona, palibe chimachitika popanda chifuniro cha Allah. Koma tamverani zimene zinachitika ku Makkah kwenikweniko. Mzinda wa Makkah uli m'chigwa, ndipo mu nthawi ya ukhalifa wa Umar ibn Al-Khattab (RA) madzi osefukira analowa mu Msikiti Wopatulika n'kukokolola Maqam Ibrahim kuichotsa pamalo pake. Umar sananene kuti basi ndi Qadar, tikhale pansi. Anabwera kuchokera ku Madinah, anabwezeretsa Maqam pamalo pake, kenako anamangitsa chitchingo cha miyala kumtunda kwa mzinda kuti madzi azipatuka. Ngati madzi anatsata chigwa chake pa Nyumba ya Allah, ndiye puloti ya m'dambo angaiope? Nkhaniyi ikutiphunzitsanso kusaloza chala anthu amene akokoloredwa ngati kuti ndi ochimwa kuposa ife. Ndipo tonse tikuidziwa nkhani ya munthu amene anafunsa za ngamira yake, Mtumiki (SAW) n'kumuuza kuti ayambe waimanga kenako ayadzamire kwa Allah.

Qur'an yolemekezeka, kumayambiriro kwa Surah Ar-Rahman, imatiuza za mizan, muyeso umene Allah anaika m'chilengedwe, ndipo imatiletsa kuupyola. Mu Surah Ar-Rum ndime 41 timaphunzira kuti kuwonongeka kumene kukuoneka pamtunda ndi panyanja kukuchokera m'ntchito za manja a anthu, ndipo cholinga choti tilaweko zowawa zake n'choti tibwerere. Mu Surah Saba muli nkhani ya anthu a ku Yemen amene anali ndi minda yokongola chifukwa cha damu lalikulu la Ma'rib. Atasiya kuthokoza, madzi omwe ankawadyetsa aja ndi amene anawononga minda yawo. Kuthokoza mtendere wa madzi sikuthera pakamwa pokha ayi. Kumaonekera pa mmene tikusamalira pamene madziwo akuchokera ndi pamene akudutsa.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti Chisilamu sichinathere pa kulangiza kokha, chinaika ndondomeko ya kagawidwe ka malo. Pali hima, malo otetezedwa kuti apindulire anthu onse. Mtumiki (SAW) anapatula dera la An-Naqi' kufupi ndi Madinah, ndipo Umar (RA) anapatula Ar-Rabadhah. Mzinda wa Madinah womwewo unaikidwa malire amene mkati mwake mitengo yachilengedwe sidulidwa. Palinso harim, mpata umene ma Ulama a Fiqh anati uzisiyidwa mozungulira chitsime ndi m'mbali mwa mtsinje, woti munthu asautenge kukhala wake. Taganizirani, zaka zoposa 1,400 zapitazo, mzinda wokhala ndi lamba wa mitengo ndiponso mitsinje yosiyiridwa mpata wake.

Lero akatswiri okonza mizinda akubwerera ku nzeru yomweyo. Ku Kigali m'dziko la Rwanda, dambo la Nyandungu linali litawonongeka. Analikonzanso, anabzalamo mitengo yachilengedwe, ndipo mu 2022 analitsegula ngati paki. Tsopano limagwira madzi a mvula, limasefa zonyansa, mbalame zinabwerera ndipo achinyamata anapezapo ntchito. Nayo khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ili ndi pulani yoteteza ndi kubzala mitengo m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi kuti mukhale mzere umodzi wobiriwira wodutsa mu mzinda. Ngalande za simenti n'zofunika ndithu, koma ngalande imangothamangitsa madzi kupita kwa mnzako wakumunsi. Dambo ndi mitengo zimawachedwetsa, zimawamwetsa pansi, ndiponso zimaziziritsa mzinda mwezi wa October.

Mwina mukuti, nanga ife a ku Nsaru, Nambuma, Namitete ndi Kabudula zikutikhudza bwanji, poti si ife a m'tauni? Zikutikhudza pawiri.

Choyamba, tauni imadya za kumudzi. Njerwa, nkhuni, makala ndi milimo zimachokera kwa ife. Madzi amene amatuluka m'mipopi ya ku Lilongwe amachokera ku Kamuzu Dam ku Malingunde, ndipo mtsinje umene umadzaza madamuwo umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalango imeneyi inadulidwa chifukwa cha makala mpaka boma linachita kutumiza asilikali kukailondera. Thumba la makala limatsika ku tauni lero, mawa matope amatsatira kukadzaza damu. Mtumiki (SAW) anapereka fanizo la anthu okwera chombo chimodzi, ena pamwamba ena pansi, apansi aja n'kufuna kuboola pamalo pawo kuti azitunga madzi mosavutitsa anzawo. Akawalekerera, onse amira. Wakumudzi ndi wam'tauni tili m'chombo chimodzi.

Apa ndisanamizire kuti nkhaniyi ndi yophweka. Mnyamata amene akukankha njinga ya makala usiku wonse sakuchita masewera, akufuna chakudya cha ana ndi fizi. Amene akuchita lendi m'mbali mwa mtsinje ku Mtandire sanasankhe malowo chifukwa chokonda madzi, ndi pamene ndalama yake yafika. Mlandu waukulu uli kwa amene amagulitsa malo akudziwa kuti ndi njira ya madzi, ndi kwa ife amene tili ndi mwayi wosankha koma timasankha zachidule. Lamulo la Chisilamu loti usadzipweteke ndipo usapweteke mnzako likugwira ntchito pa puloti ngati mmene likugwirira pa sikelo ya pamsika.

Chachiwiri, ma trading centre athu ndi mizinda ya mawa. Aliyense amene amayenda msewu wa ku Mchinji akuona mmene nyumba zikuyandikirira ku Mpingu. Pa Nsaru, pa Namitete, ngakhale pa Kabudula pompano, mapuloti akudulidwa chaka chilichonse. Ku Lilongwe kukonza zolakwika kukufuna ndalama zambiri ndi kusamutsa anthu. Kwathu kuno madambo ambiri akadalipo. Kusiya dambo lisanamangidwe sikulira ndalama, kumangofuna anthu ogwirizana ndi mfumu yolimba mtima.

Ndiye tichite chiyani, ife achinyamata? Tiyambire pa mzikiti. Madzi a wudhu amene amatayika kasanu pa tsiku tiwakumbire kangalande kopita ku nthochi, mapapaya kapena nazale ya mbande. Madzi a padenga la mzikiti ndi madrassah tiwakolole mu thanki, kapena tiwakumbire dzenje lothiramo miyala kuti alowe pansi m'malo mokumba msewu. Bwalo lonse lisakhale simenti, pasiyidwe udzu ndi mitengo ya mthunzi. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April. M'mbali mwa mtsinje tibzale katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi, m'munda msangu, ndipo pamene nthaka ikukokoloka tiike udzu wa vetiva. Bulugamu asayandikire dambo chifukwa amamwa madzi kwambiri. Komanso tisamangobzala kuti tijambulitse zithunzi za pa Facebook. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake wouthirira ndi kuutchingira mbuzi mpaka utakula.

Pogula puloti funsani achikulire a pamalopo kuti madzi amadutsa pati mvula ikachuluka. Pomanga ganizirani njerwa za simenti kapena zadothi zopanikiza ndi makina, zosafuna nkhuni. Ndipo mukamva kuti dambo la m'mudzi likugulitsidwa, tengani ma Sheikh ndi akuluakulu mupite kwa amfumu mwaulemu, muwapemphe kuti malowo akhale otetezedwa a mudzi wonse. Pitani limodzi ndi anzathu Achikhristu, pajatu madzi akasefukira safunsa kuti nyumba iyi ndi ya chipembedzo chanji.

Hadith ya mu Bukhari ndi Muslim imatilonjeza kuti mtengo umene Msilamu wabzala, chilichonse chimene munthu, mbalame kapena nyama idyapo chimalembedwa kwa iye ngati swadaka. Ina ya mu Musnad Ahmad imatilimbikitsa kubzala mbande imene ili m'manja ngakhale Kiyama itayandikira. Ndiye palibe chifukwa chonena kuti zinthu zawonongeka kale, ine ndekha ndingasinthe chiyani.

Ndibwerere ku maenje anga aja. Tinaphunzira ku madrassah kuti tchimo lolakwira munthu silithera pa istighfar yokha, umayenera kubweza chimene unawononga. Chaka chatha ndinalimba mtima n'kupita kwa mayi aja. Ndinati, "Amayi, chigwembe ichi chinayamba ndi ife, mutikhululukire." Anaseka pang'ono n'kuti, "Ndimadziwa, mwana wanga. Ndimadikira kuti mubwere nokha." Tinatchinga chigwembecho ndi miyala ndi zikhomo, tinabzala vetiva ndi nsungwi, ndi mikuyu itatu. Umodzi mbuzi zinadya, iwiri yagwira. Dothi limene linapita silibwereranso, ndipo mthunzi wa mikuyu imeneyi mwina adzakhalapo ndi ana athu. Mnzanga mmodzi wa uvuni uja sanabwerebe, ndikumudikira mvula ya chaka chino.

Nanunso dzifunseni musanagone: dzenje langa lili pati, ndipo likudya dimba la ndani?

Ya Allah, tikhululukireni pa zimene manja athu awononga. Tipatseni mvula ya madalitso, osati yowononga. Tetezani abale athu okhala m'mbali mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri, ndipo tipangeni kukhala osunga amanah ya dziko lanu. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.